Madzi Amene Tinkapatsa Adokotala

Chitsime cha mudzi umene ndinakwatiwako, cha kufupi ndi Kaphuka, chinali kumunsi kwa makola a ng'ombe, m'mphepete mwa dambo. Mvula ikagwa, zonse za m'makola zinkatsetserekera komweko, ife n'kutsatira pambuyo ndi mitsuko. Madzi ake anali okhutitsa. Ukamwa chikho chimodzi m'mawa, njala inkadzakupeza dzuwa litapendeka. Tsiku lina ndinaimika mthiko mumtsuko, ndipo pobwera kumunda ndinaupeza udakali chiimire. Ndikanama mphenzi indiwombe, ngakhale kuti pa msinkhu ndafikapowu ingodzivutitsa.

Ndinapita ku chitengwa patatha zaka ziwiri chichokereni njala ya 1949. Kwathu ndi kumunsi kwa Chongoni, kumene mwamuna ndiye amatsata mkazi, koma a kwa amuna anga anali Angoni ndipo anali atapereka ng'ombe, choncho wotsata ndinali ine. Panyumbapo ndinapeza anthu atatu: amuna anga, amayi awo amene anali apongozi anga, ndi mlongo wawo wa amuna angawo, mlamu wanga, amene ukwati wake unali utatha koma pakamwa pake pasanathe.

Amuna anga ankalima mbatata ya kachewere n'kumakagulitsa ku boma la Dedza. Ku Joni sanapiteko, ku Halale sanapiteko, ndiye palibe anganene kuti matenda anawatenga kumgodi. Ankasenza thumba lathunthu uku akuimba nyimbo za kutchalitchi, mawu onse, mpaka ameni. Chaka chachitatu cha ukwati wathu anayamba kudandaula msana, cha m'chiunomu. Kenako mapazi anatupa, kenako miyendo, ndipo m'mawa nkhope inkakhala ngati yobwereka kwa munthu wonenepa. Zaka zawo zinali zisanapitirire makumi atatu ndi zisanu, koma alendo ankandifunsa kuti, "Awa ndi apongozi anu aamuna?"

Sanali okha. M'mudzimo anthu ankakalamba mothamanga ngati kutsogolo akugawa mchere. Ndinaona ndi maso angawa mwamuna wina akupita kudimba tsitsi lili bii. Pobwera madzulo mkazi wake anamugwadira n'kufunsa kuti, "Agogo, mukufuna kwa yani?" Mkaziyo anamwalira kalekale, bwenzi nditamuitana adzavomere yekha. Anthu ankati ndi chisanu cha kuno. Ena ankatchula zina zimene anthu opemphera satchula pagulu.

Adokotala anabwera m'zaka zoyambirira za Chitaganya. Anali mzungu wamtali, wa pachipatala cha mishoni ina, ndipo kumbuyo kwa njinga yawo yamoto kunali bokosi lodzaza mabotolo. Ankamveka asanaoneke: njinga ikuti thu thu thu, mabotolo akuti ngwere ngwere. Akuti anali atatha zaka zoposa makumi awiri akuyenda m'midzi ya kumapiri ndi ganizo limodzi lokha, loti ukalamba wamsanga ndi matenda osachokawa zimalowa m'thupi ndi madzi. Mkazi analibe. Mlamu wanga ankati anakwatira bokosilo, ndipo mabotolowo ndiwo ana.

Chinyanja ankachidziwa, koma cha m'Baibulo, moti akakufunsa za kuchimbudzi unkafuna kuweramitsa mutu n'kutseka maso. Anatiika pamzere pansi pa mtengo wa patchalitchi. Ankayang'ana mano, ankayang'ana m'maso, kenako n'kudinikiza chala chachikulu pakakolo kuti aone ngati patsala dzenje. Atadinikiza phazi la amuna anga, panatsala dzenje loti nkhuku n'kuikiramo dzira. Anafunsa zaka zawo. Atamva, anafunsanso. Kenako analemba m'buku nthawi yaitali.

Pomaliza anaimirira n'kunena chimene anabwerera. Midzi iwiri ndiyo inali ndi odwala ambiri chotere: wathu, ndi wina wa kutsidya kwa mtsinje. Akuluakulu a kumishoni anali atawalola kumanga chitsime chimodzi chokha, chakuya, chanjerwa ndi simenti, chovindikira, chokhala ndi mpope wopukusa ndi manja. Chinayenera kupita kumene madzi apezeke oipitsitsa. Ndiye nyumba iliyonse izilandira botolo mwezi ndi mwezi, zaka ziwiri, dzinja ndi chilimwe chomwe.

"Muthiremo madzi amene mumwa masiku onse," anatero. "Osati ena ayi. Amene mumwa."

Tonse tinati, "Inde, bwana." Tinamva bwinobwino. Pasadzapezeke wina wonena kuti sitinamve.

Ndinabwerera kunyumba mwana wathu woyamba ali kumsana, botolo lili m'manja, ndipo m'mutu muli chinthu chimodzi: chitsime chimenechi chikabwera kwathu, mwina amuna anga akhala ndi moyo. Kuti chibwere, panangofunika kuti madzi athu aoneke mmene analili. Ndinkaona ngati ntchito yopepuka kuposa imeneyi sinaperekedwepo kwa munthu.

Botololo linali lagalasi, loyera mbee, ndi kapepala kolembapo dzina la nyumba yathu. Vuto linayambira pamenepo. Ife madzi tinkamwera m'chikho, ndipo chikho chili ndi ulemu, sichionetsa za m'kati. Galasi lilibe mwambo. Apongozi anatunga okha mumtsuko, anathira m'botolo, n'kulikweza kudzuwa. Tinayang'ana tonse atatu. Madziwo anali ngati tiyi wothira mkaka wochepa, ndipo m'kati munali kanthu kena kakusambira mosatekeseka, ngati kakudziwa kuti ulendowu ndi wa panjinga yamoto.

"Amayi, mwalandira mlendo, mupatseni moni," anatero mlamu wanga.

Apongozi sanaseke. Anakhuthulira madziwo pansi, anatsuka botolo ndi phulusa, n'kundipatsa.

"Mtengwa, mawa mulawire kuphiri. Mukatunge pakasupe."

"Amayi, adokotala anati amene timamwa."

"Ndinalipo, makutu ndinapita nawo. Kodi kwanu ku Chongoni mlendo mumamupatsa zimene mumadya masiku onse? Kuno timamuphera nkhuku ife tikudya nkhwani. Timamuyalira mphasa yatsopano. Ndiye pa madzi pokha timupatse a ng'ombe, dzina la malemu bambo a amuna anu lili papepala, azungu akaliwerenge?"

"Koma iwo sakamwa, amayi. Akungofuna kukayeza."

"Amwe, asamwe, alowa m'nyumba mwawo. Chochoka pakhomo panga chizichoka choyera."

Ndinali nditayankha kale kawiri, ndipo kwa mtengwa kumeneko kunali kuchulutsa. Ndinalandira botolo ndi manja awiri.

Kasupeyo anali pamwamba, m'malire a nkhalango ya boma, ulendo woti ukanyamuka mbandakucha umabwerako dzuwa lili paliwombo. Ndinanyamuka ndekha, chisanu chikundidya makutu, ndikuganiza kuti m'mudzi monse wochita zimenezi ndine ndekha. Nkhungu itayamba kuchoka ndinaona mayi wina kutsogolo kwanga. Kutsogolo kwake, winanso. Tinali mzere wa akazi oposa makumi awiri tikukwera phiri, aliyense ndi kabotolo kake. Palibe amene anapangana ndi mnzake. Ena, poti madzi sanazolowere kunyamula m'manja, anali atapota nkhata n'kusenza kabotoloko pamutu, kanthu kongofanana ndi chitsononkho. Ndikulumbira, pobwera analipo wina amene anapempha mnzake kuti amutule.

Tinapatsana moni ngati takumana kumaliro. "Mwalawira." "Eee, talawira." Za mabotolo palibe anatchula.

Zinakhala choncho mwezi ndi mwezi. Poti ndinali nditakwera kale, ndinkabwerako ndi mtsuko wodzaza, wa amuna anga. Tsiku loyamba analawa, anachukucha m'kamwa, n'kuti, "Madzi awa alibe ndiwo." Mtsukowo unkatha masiku awiri. Masiku awiri amenewo ndinkaona ngati mapazi aphwa pang'ono. Mwina ankaphwadi, mwina maso anga ndiwo ankafuna. Kukwera tsiku lililonse sikukanatheka. Munda unali pa ine, mwana pa ine, ndipo posakhalitsa ndinali ndi pakati pena. Kuwiritsa kunkafuna nkhuni, ndipo nkhuni zinali ndi mlonda wa nkhalango, munthu amene ankamva nkhwangwa ikadali m'maganizo.

Adokotala ankabwera sabata yoyamba ya mwezi, kutenga mabotolo odzaza n'kusiya opanda kanthu. Madzi a m'midzi sankamwa, ankayenda ndi tiyi wawo m'fulasiki. Kawiri konse anapempha kuti aone chitsime. Kawiri konse akulu a mpingo anawauza kuti njira yaipa, njinga siingafike, ndipo mwendo umodzi wa adokotala unali wovuta kale. Akulu a mpingowo sananame. Njirayo inali yoipadi, inkadutsa pakati pa makola, ndowe kufika m'mawondo, ndipo palibe mkulu amene akanalola kuti mlendo apondemo.

Chitatha chaka, adokotala anakhala pakhonde pathu, phazi la amuna anga lili pamwendo pawo. Nthawi imeneyo amuna anga ankayenda ndi ndodo, ndipo mkodzo unkatuluka wochepa, wathovu. Apongozi anali pamphasa. Ine ndinagwada chapatali, pafupi ndi nkhokwe.

"Sindimvetsa," anatero adokotala. "Madzi anu ali oyera koposa a pachipatala changa. Ndawatumiza kutali, kwa odziwa kuposa ine, ndipo ayankha chimodzimodzi. Koma munthu uyu akalamba pamaso panga." Anatembenukira kwa ine. "Mayi, ndinu mutunga madzi a nyumba ino?"

"Ndine, bwana."

"Mutunga kuti?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndikukumbuka mphepo yozizira ikundikhudza mano.

"Mtengwa," anatero apongozi osandiyang'ana, "nkhuku zalowa m'nyumba."

Nkhuku zathu zinali zitatha ndi chitopa mwezi wapitawo. Ndinadzuka, ndinalowa m'nyumba, ndinazipirikitsa. Ndinachita kuti "shii, shii" mokweza kuti mlendo amve. Potuluka ndinapeza apongozi akufotokoza kuti chitsime chathu anakumba ndi apongozi awo ndipo sichinaphwepo.

Njinga itapita, ndinawapeza amuna anga akuwothera dzuwa kuseri kwa nyumba.

"Bambo, auzeni inu. Ine sindingathe. Inu ndinu mwana wawo, ndiponso phazi ndi lanu."

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti amayi anama miyezi khumi ndi iwiri? Ndi akazi onse a kumpingo? Ndi inu nomwe?"

"Muwauze kuti tinkawalemekeza."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mukanabadwa mwamuna, bwenzi muli mlaliki." Atapuma anati, "Ukanakhala mwezi woyamba, bwenzi ndanena. Pano zakula. Zisiyeni, mwina si madzi. Amayi amwa omwewa chikwatiwireni, taonani akuthamangitsa mbuzi."

Zinali zoona. Apongozi anga ankamwa zikho zinayi patsiku ndipo sanadwalepo ngakhale chimfine. Chimfine chinkafika pakhomo, n'kuwaona, n'kupitirira kwa aneba. N'chifukwa chake mpaka lero sindinganene kanthu motsimikiza. Ndinangowathandiza amuna anga kusuntha mpando kutsata dzuwa.

Ndinayesapo kamodzi. Mwezi wina apongozi anali atapita kumaliro a mchimwene wawo, ndipo mlamu wanga anati, "Alamu, mphaka wachoka. Thirani athu enieniwo, muone ngati mzungu akomoke." Ndinathira a mumtsuko. Tsiku limenelo mabotolo tinkaperekera patchalitchi chifukwa cha mvula, akulu a mpingo ataima pambali. Adokotala anawandandalika pa benchi. Onse anali mbee, langa lokha lili ngati latuluka mu mphika wa nyemba. Analikweza, analiyang'ana, n'kundiyang'ana ine mwachifundo.

"Mayi, botolo ili lagwera m'matope. Musachite manyazi, zichitika."

Anakhuthula panja, anapisa m'thumba, n'kundipatsa kachidutswa ka sopo. Akulu a mpingo onse ankandiyang'ana. Akazi onse a kuphiri ankandiyang'ana. Ndinalandira sopoyo ndi manja awiri n'kuthokoza. Kwa miyezi itatu m'mudzimo ndinali mtengwa wa ku Chongoni amene sadziwa kutsuka, ndipo apongozi atabwera n'kumva, sanandilankhule sabata yathunthu. Sopoyo anali wonunkhira bwino. Ndinkawasambitsira amuna anga mpaka anatha.

Zaka ziwiri zitakwana, adokotala anatiitananso pansi pa mtengo uja. Anali atawerama, tsitsi litayera lonse, moti mlamu wanga anandinong'oneza kuti tiyi wawoyo nayenso akamuyeze. Ananena kuti chitsime chipita kutsidya, pakuti madzi a kumeneko ndi oipa ndithu. Za ife anati m'maulendo awo onse sanaonepo madzi abwino chotere. Anatinso mudzi wathu wawagwetsera zimene anakhulupirira moyo wawo wonse, chifukwa tikudwala chimodzimodzi pamene madzi alibe mlandu. Ankalankhula akuyang'ana chipewa chimene anachigwira m'manja.

Akazi anaimba nthungululu. Omwe aja okwera phiri anaimba mpaka akhwangwala anasamuka mumtengomo, ndipo sanabwererenso mpaka lero. Apongozi anga anavina pang'ono. Za anthu a kutsidya anati, "Opanda manyazi aja. Kupereka zonyansa kwa mlendo, n'kupatsidwa chitsime." Amuna anga sanabwere pamsonkhanowo, miyendo inali itakana. Nditawauza anangoti, "Tapambana eti?" Ndinati, "Tapambana."

Chodabwitsa chinabwera pambuyo pake. Usanathe mwezi, anthu anayamba kukhulupirira. Ankatunga pachitsime chomwe chija, ng'ombe ili pambali, n'kumati, "Adokotala anati athu ndi oposa onse." Mlendo aliyense ankauzidwa asanakhale pansi. Mayi wina amene tinkakwera naye limodzi, amene ndinamutulapo kabotolo ndi manja angawa, anandiuza maso ali gwa kuti anthu a kutsidya atisirira. Ndipo poti mabotolo anatha, ulendo wa kuphiri unathanso. Nditati ndikwere ndekha, apongozi anafunsa kuti ndikukasaka chiyani kumeneko pamene madzi oyezedwa ali pafupi. Kuchitsime chatsopano ndinapitako kangapo, koma mtsinje ukadzaza sunkawolokeka, ndipo ukaphwa eni ake ankandilandira ndi mawu akuti, "Mwasokera kodi, inu a madzi opambana?"

Amuna anga anamwalira mu Julaye, m'mawa, chisanu chitayeretsa udzu. Anapempha madzi. Ndinawapatsa amene analipo. Anamwa pang'ono n'kuti, "Awa ndiye athu." Sananenenso china. Ndinatsuka chikho, ndinachikoloweka pamalo pake, kenako ndinapita kukauza apongozi. Anthu amati ndinalira kwambiri pamaliropo. N'kutheka. Chimene ndikukumbuka ine n'choti anthu anabwera ambiri, mitsuko inkatha msanga, ndipo ndili m'siwamo ndinkangoganiza za amene atsikire kudambo.

Patapita milungu itatu titameta, apongozi anali kudimba, ndipo mlamu wanga ndi ine tinkasankha mbewu ya kachewere pakhonde. Njinga inamveka, koma mabotolo sanalire. Bokosi linali lopanda kanthu. Adokotala anatsika movutikira, anaona mutu wanga wometa, n'kuvula chipewa. Anali atamva kale. Anati akubwerera kwawo, ntchito yatha, mawondo atha, ndipo akuyenda kutsanzika.

"Mayi, ndili ndi pempho limodzi," anatero. "Zaka ziwiri ndanyamula madzi anu, koma sindinalawe. Ndifuna ndimwe ndisanapite. Ndiwo madzi abwino koposa amene ndinawapeza."

Mlamu wanga anandiyang'ana. Chimudziwireni, aka kanali koyamba kumuona alibe mawu.

Ndikanakonda kunena kuti ndinalimba mtima. Ayi. M'kati mwanga munalibe kanthu, ngakhale mantha. Munthu anapempha madzi, madzi anali mumtsuko. Ndinatenga kapu yoyera yachitsulo imene tinkasungira alendo, ndinaitsuka, ndinatunga, ndinagwada, ndinapereka.

Kapu yoyera nayonso ilibe mwambo. Anayang'ana m'katimo nthawi yoti munthu n'kupalira mzere wathunthu.

"Awa achokera kuti?"

"Pachitsime, bwana."

"Chitsime chanu?"

"Chomwecho."

"Nanga a m'mabotolo?"

"Kuphiri."

"Nyumba ino yokha?"

"Zonse."

"Miyezi yonse?"

"Kupatula umodzi. Munandipatsa sopo."

Anakhala pansi pakhonde, pafumbi, osadikira mpando.

"Chifukwa ninji?"

"Munali alendo, bwana."

Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anaika kapu pambali mosamala kuti asataye, anatulutsa buku lawo lija, n'kuyamba kutsegula masamba chobwerera m'mbuyo, m'mbuyo, mpaka kufika pamene mapepala anali achikasu, midzi ina, zaka zina. Kenako anafunsa, koma osati kwenikweni ife.

"Ndi midzi ingati imene inandilandira bwino?"

Mawu a mlamu wanga anali atabwerera. "Kumapiri kuno anthu ndi aulemu, bwana. Konsekonse."

Anatseka buku. Ine ndinali ndidakali chigwadire, ndiye ndinafunsa ndili pomwepo.

"Bwana, ndi madziwa amene awapha?"

"Sindidziwa, mayi. Mwina ndikadadziwa. Tsopano sindidziwa."

"Chitsime china chingabwere?"

"Chinali chimodzi."

Anapempha kuti ndiwaperekeze kuchitsime. Panalibe mkulu wa mpingo woti anene za njira. Ndinatsogola, iwo pambuyo, akukoka mwendo, nsapato zikumira m'ndowe. Titafika anatsegula fulasiki, anakhuthulira tiyi pa udzu, anagwada m'matope n'kutunga okha. Panali ng'ombe imene inkamwa pomwepo. Inadzutsa mutu, inawayang'ana, n'kuwasunthira pang'ono, pakuti m'mudzi muja ngakhale ng'ombe zinkadziwa mlendo. Apa ndiye sindikuwonjezera ngakhale pang'ono.

Anati akayeza, ndipo akapeza kanthu atumiza mawu. Mawuwo sanafike. Kaya sanapeze kanthu, kaya fulasiki inasweka panjira, kaya anapeza koma panalibenso womuuza kuti amange. Sindinawaonenso.

Apongozi atabwera kudimba, mlamu wanga anawafotokozera zonse, osasiyako, mpaka za ng'ombe. Anatula dengu. Anayang'ana kapu imene inali idakali pakhonde, madzi ake atadikha, matope atakhala pansi. Ndinadikira kuti andikalipire, kapena atchule mwana wawo.

"Kapuyo munaitsuka musanawapatse?"

"Ndinatsuka, amayi."

"Chabwino."

Analowa m'nyumba. Tsiku limenelo sanadye, ndipo m'mawa mwake kudimba sanapite. Za adokotala sanazitchulenso mpaka imfa yawo, imene inachedwa kwambiri. Anaika anzawo onse, anaika akulu a mpingo aja mmodzimmodzi, anaika ngakhale mlonda wa nkhalango, akumwa omwewo, zikho zinayi patsiku.

Koma sabata yoyamba ya mwezi wotsatira ndinawapeza ataimika mtsuko wanga pakhomo, nkhata ili pamwamba. Ana anga awiri anali akusewera pafupi.

"Mtengwa, mwezi wayamba. Mulawire kuphiri."

"Botolo palibe, amayi."

"Ndatchula botolo ine? Anawa asiyeni, ndiwaona."

Ndinakwera ndekha. Mzere uja unalibepo, udzu unali utayamba kutseka njira. Kuyambira pamenepo ndinkakwera mwezi ndi mwezi, ndipo apongozi ankawamwetsa okha anawo, iwo osalawako. Mtsuko unkatha masiku awiri. Anawo anakula, alipo onse awiri. Wamkuluyo mapazi amatupa, wamng'onoyo ayi. Masiku ena onsewo tinkamwa athu.